Mafunso ndi Mayankho: Galimoto ya Hybrid M'dziko la Chisanu Choopsa

Makalata amene tawasankha mwezi uno achokera kwa owerenga athu okhala m'mayiko a kumpoto kwa dziko lapansi, kumene chipale chofewa chimagwa kwa miyezi ingapo ndipo kumazizira kupitirira pamene madzi amaundana. Onse akufunsa za magalimoto a hybrid, amene amayenda ndi injini ya petulo mothandizana ndi mota ya magetsi. Makalatawo tawafupikitsa kuti mayankho apeze malo okwanira.

Ndinagula galimoto ya hybrid m'mwezi wa Juni, ndipo miyezi yonse yotentha inkamwa mafuta pang'ono kwambiri. Chiyambireni Disembala injini sikuzima ngakhale ndiime pa maloboti, ndipo ndikuthira petulo pafupipafupi. Kodi yawonongeka, kapena anandigulitsa galimoto yodwala kale?
*Mayi wa ku Winnipeg, Canada*

Mayi, khazikani mtima pansi, chifukwa zimene mwafotokozazi ndi mmene galimoto ya hybrid yabwinobwino imachitira m'chisanu. Nkhani yonse yagona pa kumene kutentha kwa m'kati mwa galimoto kumachokera. Hita ya magalimoto ambiri a hybrid imatenga kutentha kuchokera m'madzi oziziritsa injini, monga mmene zimakhalira m'galimoto wamba. Koma hybrid imapulumutsa mafuta makamaka pozimitsa injini nthawi iliyonse imene siikufunika, monga mukaima kapena mukamayenda pang'onopang'ono m'tauni. Kunja kukazizira madigiri 20 pansi pa ziro, injini yozimitsidwa imazizira msanga, madzi ake amazizira nawo, ndipo inu mukapempha mpweya wofunda kompyuta ya galimoto imalizanso injini kuti ipange kutenthako. Pamenepo petulo amakhala akupsa kuti inu mufunde, ngakhale matayala sakuyenda. Palinso chipangizo choyeretsa utsi chimene chili pa paipi ya ekizozi, chimene sichigwira ntchito chisanatenthe mokwanira, ndipo kompyuta imasunga injini ikulira pofuna kuti chipangizocho chisazizire.

Chodabwitsa n'chakuti luso la injini ya hybrid ndi lomwenso limaichedwetsa kufunda. Kampani ya Toyota inanena kuti injini ya galimoto yake ya hybrid yotchedwa Prius imene inatuluka mu 2015 imasandutsa 40 peresenti ya mphamvu ya petulo kukhala mphamvu yoyendetsa galimoto, umene ndi mlingo wapamwamba kwa injini ya petulo. Injini yotaya mphamvu pang'ono imatayanso kutentha pang'ono, choncho hita imapeza zochepa zoti ikupatseni.

Nthambi ya boma la United States yoona za mafuta ndi magetsi imanena kuti kukazizira kufika madigiri 7 pansi pa ziro, galimoto wamba yoyenda m'tauni imachepetsa mtunda umene imayenda pa lita imodzi ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi tsiku la madigiri 25, ndipo pa maulendo aafupi a makilomita asanu kapena asanu ndi limodzi imachepetsa mpaka 24 peresenti. Kwa hybrid mtundawo ungachepe ndi 30 mpaka 34 peresenti. Chiwerengerochi chimaopsa munthu akangochimva, koma tichiyike pa chitsanzo. Ngati galimoto yanu inkayenda makilomita 22 pa lita, tsopano iziyenda pafupifupi 15, pamene galimoto wamba imene inkayenda 13 pa lita yatsikira pa 10 kapena 11. Phindu lanu lachepa, koma silinathe.

Hita si yokha imene ikudya mafuta anu. Oyilo wozizira amakhala wolimba ndipo amalemetsa injini mpaka atafunda. Mpweya wozizira ndi wolemera, motero galimoto imavutika kuudula pa liwiro lalikulu. Mpweya wa m'matayala umatsika ndi pafupifupi 1 psi (muyezo wa mpweya wa m'tayala) nthawi iliyonse kunja kukazizira ndi madigiri asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo tayala lofewa limakoka mafuta ambiri. Petulo amene amagulitsidwa m'miyezi yachisanu amasakanizidwa kuti azigwira moto msanga, ndipo mphamvu yake pa lita imakhala yochepa pang'ono. Onjezanipo kupalasa chipale chofewa chimene chadzaza mumsewu, komanso batire lozizira limene silingalandire magetsi ambiri nthawi imodzi, ndipo muona kuti palibe chimene chasweka.

Opanga magalimoto analidziwa kale vutoli. Prius ya zaka za 2004 mpaka 2009 imene inkagulitsidwa ku North America inali ndi thanki yaing'ono yosunga kutentha, ya malita pafupifupi atatu, imene inkasunga madzi otentha a injini galimoto ikazimitsidwa ndi kuwabwezera mu injini pa ulendo wotsatira. Prius ya mtundu wotsatira, imene inatuluka mu 2009, inayamba kutapa kutentha kwa utsi wa mu ekizozi kuti madziwo afunde msanga.

Inunso muli ndi zimene mungachite. Ngati mipando ndi chiwongolero zili ndi hita yakeyake ya magetsi, yambani ndi imeneyo, chifukwa imafunditsa thupi mwachindunji popanda kudalira madzi a injini, ndipo mukatero mungatsitse hita yaikulu ndi madigiri awiri kapena atatu osamva kuzizira. Phatikizani maulendo aafupi kukhala ulendo umodzi, ndipo yambani ndi kumene kuli kutali kuti injini ifunde bwino isanayambe kuimaima. Yezani mpweya wa m'matayala mwezi uliwonse, m'mawa galimoto isanayende. Chimodzi chokha chimene sindingakuvomerezeni n'kuzimitsa mpweya wochotsa nkhungu pa galasi lakutsogolo pofuna kusunga petulo, chifukwa galasi losaoneka bwino laphetsa anthu, ndipo mafuta amene mungasunge pamenepo ndi ochepa kwambiri.

Ndinasiya galimoto panja kwa milungu iwiri mu Januwale. Nditabwerako inakana kulira, magetsi a pa dashibodi ankangophethira, ndipo mawu akuti READY, osonyeza kuti galimoto yayaka, sanaoneke. Mnzanga akuti batire lalikulu lafa ndipo ndikonzekere ndalama zambiri. Kodi ndi zoona?
*Bambo wa ku Minneapolis, United States*

Bambo, musanagule chilichonse, uzani makaniko ayeze batire laling'ono la 12V, chifukwa zizindikiro zimene mwatchulazi n'za limenelo. Anthu ambiri sadziwa kuti hybrid ili ndi mabatire awiri. Lalikulu, limene mu Prius zambiri zakale ndi la mphamvu yopitirira pang'ono 200V, ndilo limayendetsa mota komanso limazunguliza injini kuti ilire, popeza magalimoto amenewa alibe sitata ya masiku onse. Koma galimoto ikazimitsidwa, batire lalikululo limadulidwa ku china chilichonse pofuna chitetezo. Limene limadzutsa makompyuta ndi kulumikizanso lalikululo ndi laling'ono lija. Laling'ono likafooka, lalikulu limangokhala ndi mphamvu zake zonse osapeza njira yotulukira.

Batire la 12V la hybrid nthawi zambiri limakhala laling'ono kuposa la galimoto wamba, popeza silinyamula ntchito yolemetsa yozunguliza injini. Kuchepa kwakeko kumatanthauza kuti limatha msanga galimoto ikangokhala, chifukwa alamu ndi chipangizo chomvera kiyi wa m'thumba zimakoka magetsi usana ndi usiku, ndipo kuzizira kumachepetsanso mphamvu imene lingatulutse. Choipa china n'chakuti silichenjeza. M'galimoto wamba mumamva sitata ikukoka mwaulesi kwa masiku angapo ndipo mumadziwa kuti batire likutha, koma mu hybrid zonse zimaoneka bwino mpaka m'mawa umene ikana. Ndiponso batire limene latheratu magetsi lingaundane m'chisanu chachikulu n'kuwonongekeratu, pamene lotchajidwa bwino limapirira.

Galimoto yanu mungailize poilumikiza ku batire la galimoto ina kapena ku kabatire konyamula m'manja, ndipo siifuna magetsi ambiri kuti idzuke. M'magalimoto ena batire laling'onolo lili kumbuyo mu buti kapena pansi pa mpando, choncho opanga anaika polumikizira mwapadera mu boneti, m'bokosi la mafyuzi. Werengani buku la galimoto yanu kuti mupapeze, ndipo samalani kwambiri kuti musasinthanitse mawaya, chifukwa kulakwitsa kumeneku kungawotche zipangizo zodula. Kuikankha kuti ilire sikutheka pa hybrid. Komanso polumikizira pa mu boneti paja anapapangira kuti galimoto yanu ilandire thandizo, osati kuti izilizira magalimoto ena.

Kuti zisachitikenso, yezetsani batire laling'ono chaka chilichonse chisanu chisanayambe, makamaka likapitirira zaka zinayi. Ngati galimoto ikhala nthawi yaitali osayenda, ilumikizeni ku tchaja yaing'ono yosunga batire. Apo ayi, pemphani munthu aziiyatsa mpaka pa READY kwa ola limodzi mlungu uliwonse, imene ndi njira imene kampani ya Toyota ku Britain inalangiza mu 2020 pamene magalimoto ambiri anangoima chifukwa cha mliri wa Covid-19. Izi zichitikire panja, osati m'galaja yotseka, pa chifukwa chimene ndichifotokoze m'munsimu.

Ndikufuna kugula hybrid yakale ya zaka zisanu ndi ziwiri. Kodi batire lalikulu silikhala litawonongeka ndi chisanu cha zaka zonsezi?
*Wowerenga wa ku Oulu, Finland*

Chimene chimakalambitsa batire msanga ndi kutentha, osati kuzizira. Chisanu chimachedwetsa ntchito ya mankhwala a m'kati mwake, motero limapereka ndi kulandira magetsi ochepa, koma likafunda mphamvu zake zimabwerera. Ngozi yeniyeni ili pa mabatire a lithium-ion, amene amawonongeka akatchajidwa mwamphamvu ali ozizira pansi pa ziro, ndipo n'chifukwa chake kompyuta ya galimoto imachepetsa yokha magetsi olowa mu batire mpaka litafunda. Mabatire a nickel-metal hydride amapirira chisanu bwino, moti pamene Toyota inatulutsa Prius yokoka ndi matayala onse anayi ku North America mu 2019 inaikamo a mtundu umenewu, pamene zokoka ndi matayala akutsogolo okha zinali ndi a lithium-ion. Kampani yomweyo, kuyambira ndi magalimoto a 2020, inawonjezera chitsimikizo cha batire ku United States kufika zaka 10 kapena makilomita pafupifupi 240,000. Funsani za chitsimikizo chimene chikugwira ntchito m'dziko lanu, popeza chimasiyana malo ndi malo.

Pogula, pitani nayo kwa makaniko amene ali ndi kompyuta yoyezera hybrid kuti aone ngati zigawo za batire zikufanana mphamvu. Koma ine chimene ndingade nacho nkhawa kwambiri pa galimoto ya kumalo ozizira ndi dzimbiri. Mchere umene amathira m'misewu kuti madzi oundana asungunuke umadya chitsulo, choncho ikwezeni ndi kuyang'ana pansi pake, kuphatikizapo malo amene mawaya ochindikala a mtundu wa lalanje amalumikizana ndi mota yakumbuyo ngati ilipo. Ku Canada eni ake ena a Toyota RAV4 Hybrid za 2019 mpaka 2021 anapeza dzimbiri pamalo amenewa, ndipo kampani inawonjezera chitsimikizo cha chipangizocho. Mawaya a lalanjewo amanyamula magetsi oti angaphe munthu, choncho musawagwire nokha.

Mukaigula, dziwani pamene pali kabowo kolowetsa mpweya ku batire, kamene nthawi zambiri kamakhala pambali kapena pansi pa mpando wakumbuyo. Batire limapuma mpweya wa m'kati mwa galimoto, ndipo m'chisanu anthu amaunjika majekete ndi mabulangete pamalo omwewo osadziwa kuti akulitsekera.

Ndikamaponda mabuleki pamsewu woterera kapena pa dzenje, kwa kanthawi kochepa ndimamva ngati galimoto yamasuka n'kulumphira kutsogolo. Zimandiopsa kwambiri chifukwa ndimanyamula ana.
*Mayi wa ku Montreal, Canada*

Mayi, mwachita bwino kufunsa, ndipo choyamba pitani nayo kwa makaniko kuti atsimikize kuti mabuleki ali bwino. Komabe zimene mukumvazo zili ndi chifukwa chodziwika. Mukaponda mabuleki pang'ono, hybrid siiyamba ndi kufinya matayala. Mota ndi imene imasanduka jenereta, n'kumabweza galimoto uku ikutchaja batire, ndipo m'magalimoto ambiri zimenezi zimachitika pa matayala akutsogolo okha. Tayala likangoterereka, kompyuta imasiya kubweza ndi mota n'kupereka ntchito yonse kwa mabuleki enieni ndi ABS, chipangizo choletsa matayala kumangika. Pakati pa kusiya kwa mota ndi kugwira kwa mabuleki pamakhala kamphindi, ndipo n'kamene thupi lanu likukamva ngati kulumpha. Nkhaniyi inakula mu Febuluwale 2010, pamene Toyota inaitanitsa magalimoto a hybrid pafupifupi 400,000 padziko lonse, ambiri a iwo Prius za chaka chimenecho, kuti ikonze pulogalamu ya mabuleki. Ngati yanu ndi ya nthawi imeneyo, funsani ngati inakonzedwa.

Zikachitika, musachotse phazi ndipo musapope mabuleki. Pondani mwamphamvu mosalekeza ndipo yang'anani kumene mukufuna kupita. Kunjenjemera kumene mungamve pa phazi ndi umboni wakuti ABS ikugwira ntchito. Yambani kuchepetsa liwiro mukadali kutali, ndipo siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo. M'mawa wozizira kwambiri mudzaonanso kuti galimoto siibwerera yokha mukachotsa phazi pa mafuta monga imachitira nthawi yotentha, chifukwa batire lozizira likukana magetsi ambiri. Za giya yolembedwa B, imene imagwiritsa ntchito injini pobweza galimoto, ntchito yake ndi pa mitsetse yaitali, ndipo pa madzi oundana ndi bwino kusalowamo mwadzidzidzi, popeza imabweza matayala okoka okha.

Simunanene za matayala amene muli nawo, koma popeza muli ku Quebec, kumene lamulo limafuna matayala a chisanu kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi, ndikukhulupirira kuti muli nawo. Kwa owerenga ena ndinene motsindika kuti palibe chinthu china chimene mungagulire hybrid yanu chofunika kuposa amenewa. Matayala amene magalimoto ambiri a hybrid amabwera nawo anapangidwa kuti azigudubuzika mopepuka n'cholinga chosunga mafuta, ndipo rabala yake imauma kunja kukazizira pansi pa madigiri 7, ngakhale chipale chofewa chisanagwe. Matayala a chisanu amakhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kachipale pakati, ndipo ayenera kuikidwa onse anayi. Ku Sweden amafunika kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 31 Malichi msewu ukakhala wachisanu, ku Finland kuyambira Novembala mpaka Malichi nyengo ikafuna, ndipo ku Germany lamulo limayang'ana mmene msewu ulili osati tsiku. Adzakuwonjezerani mafuta pang'ono, ndipo zimenezo muzilandire.

Mabuleki a hybrid ali ndi vuto lina limene limabwera chifukwa chosagwira ntchito kwambiri. Popeza mota ndi imene imabweza galimoto nthawi zambiri, zitsulo za mabuleki sizitentha mokwanira kuti ziume, ndipo madzi a mchere amakhalapo mpaka dzimbiri litagwira, makamaka kumbuyo. Si zachilendo kupeza mabuleki osatha koma ogwirana ndi dzimbiri. Uzani makaniko aziwamasula, kuwatsuka ndi kuwapaka girizi kamodzi pachaka chisanu chikatha, ndipo nthawi ndi nthawi, pamsewu wouma wopanda galimoto kumbuyo kwanu, pondani mabuleki mwamphamvu kangapo kuti zitsulozo zipalike. Pochapa galimoto, apempheni atsukenso pansi pake.

Anzanga amasiya magalimoto awo akulira kwa mphindi khumi ndi zisanu asananyamuke. Kodi hybrid imafunanso zimenezi? Nanga mawaya amene ndimawaona akulendewera kutsogolo kwa magalimoto kuno ndi a chiyani?
*Bambo wa ku Saskatoon, Canada*

Injini zamakono sizifuna kulira nthawi yaitali chonchi, ndipo zimafunda msanga zikamayenda kusiyana ndi zikangoima. Yatsani galimoto, chotsani chipale chofewa pa magalasi onse, pa magetsi ndi padenga, dikirani mpaka galasi lakutsogolo liyere, kenaka nyamukani mwaulemu osaipanikiza kwa mphindi zingapo zoyamba. Oyilo wopepuka amene opanga amalamula, monga 0W-20 kapena 0W-16, anapangidwira kuti aziyenda msanga m'chisanu, choncho musalole kuti akuthirireni wolimba.

Mawaya mwawaonawo ndi a hita ya magetsi imene imamangidwa pa injini, ndipo n'chifukwa chake malo ambiri oimika magalimoto m'mizinda ngati yanu, Winnipeg kapena Fairbanks ku Alaska ali ndi masoketi. Hybrid imalira ngakhale popanda hitayi, popeza mota imene imazunguliza injini yake ndi yamphamvu kuposa sitata wamba, koma phindu lake pa hybrid ndi lalikulu, chifukwa injini ikayamba ili yofunda kale mpweya wotentha umabwera msanga ndipo injini imayamba kuzima pa maloboti mofulumira. Maola awiri mpaka anayi musananyamuke ndi okwanira, ndipo kuisiya usiku wonse n'kungowononga magetsi, choncho gulani kachipangizo koyatsa pa nthawi yake.

Pano ndiyenera kuchenjeza mwamphamvu za utsi. Hybrid ikhoza kukhala yoyaka koma ili chete chifukwa injini yazima kwa kanthawi, ndipo munthu wotopa amene ali ndi kiyi wa m'thumba angatsike, n'kutseka galaja, n'kukagona akuganiza kuti wazimitsa. Batire likatsika kapena injini ikazizira, imadziliza yokha, ndipo imatero mobwerezabwereza usiku wonse. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umalowa m'nyumba yolumikizana ndi galaja n'kupha anthu ali m'tulo. Zimenezi zachitikapo, ndipo mabanja aferedwa. Musanatsike, yang'anani kuti mawu akuti READY azima. Musafunditse galimoto m'galaja ngakhale chitseko chili chotsegula, ndipo ikani m'nyumba alamu yozindikira mpweyawu.

Chenjezo lomweli likukhudza munthu amene watitimira m'chipale chofewa panjira. Hybrid ndi yabwino podikirira thandizo, chifukwa injini imalira ndi kuzima mosinthana ndipo mafuta amakhalitsa, koma paipi ya ekizozi ikakwiririka utsi umabwerera m'kati. Tsikani mukafukule kumbuyo kwa galimoto, muzibwerezanso ngati chipale chikugwabe, ndipo tsegulani zenera pang'ono. M'miyezi imeneyi musalole thanki kutsika pansi pa theka, popeza m'galimoto yotereyi petulo ndiye moto wanu. Ngati pafunika kuikoka, inyamulidwe pa lole, chifukwa matayala okoka akamagudubuzika pansi mota imapanga magetsi amene angawononge zipangizo.

Ndamva kuti kutseka kutsogolo kwa redieta ndi katoni kumathandiza injini kufunda. Ndichite?
*Wowerenga wa ku Tromsø, Norway*

Ena amachita, ndipo injini imafundadi msanga, koma sindikulimbikitsani. Kuseri kwa mabowo amenewo kulinso redieta yoziziritsa inverter, chipangizo chodula chimene chimasintha magetsi a batire kuti mota iwagwiritse ntchito, ndipo magalimoto ambiri a hybrid alibe geji yokuonetsani kuti chatentha. Tsiku limodzi lofunda kapena phiri limodzi lalitali n'lokwanira kukupwetekani m'thumba. Magalimoto ena atsopano ali ndi zotsekera zimene zimatseguka ndi kutsekeka zokha. Ngati yanu ilibe, hita ya pa injini ndi njira yotetezeka.

Ndikusankha pakati pa hybrid wamba ndi yotchaja pa soketi. Kuntchito kwanga ndi makilomita 12. Ndi iti imene ingandithandize m'chisanu, ndipo kodi ndikufunikira yokoka ndi matayala onse anayi?
*Mayi wa ku Calgary, Canada*

Yankho lagona pa funso limodzi limene simunalikhudze, lakuti kodi muli ndi soketi pamene galimoto imagona. Ngati muli nayo, yotchaja pa soketi ikukuyenerani, chifukwa ulendo waufupi ngati wanu ndi umene hybrid wamba imaluza kwambiri m'chisanu, popeza mumafika injini itangoyamba kumene kufunda. Yotchaja ingafunditse m'kati mwake ikadali yolumikizidwa ku magetsi a nyumba, motero mumalowa m'galimoto yofunda, magalasi atayera, batire lili lodzaza. Ambiri mwa magalimoto amenewa amafunditsanso batire lawo akakhala pa soketi, choncho usiku wozizira isiyeni yolumikizidwa ngakhale yadzaza.

Komabe musayembekezere kuti injini izikhala chete nyengo yonse. Mtunda umene ingayende ndi magetsi okha umachepa kwambiri hita ikayaka, ndipo kuzizira kukafika pa mlingo wina kompyuta imaliza injini ngakhale batire lili lodzaza. Mwachitsanzo, Prius Prime ya 2017, imene ndi yotchaja pa soketi, ili ndi hita yokoka kutentha kuchokera mu mpweya wakunja, imene imagwira ntchito mpaka pafupifupi madigiri 10 pansi pa ziro, ndipo kupitirira apo injini ndiyo imathandiza. Chevrolet Volt, yotchajanso pa soketi, inkachita kulemba pa dashibodi kuti injini yalira chifukwa cha kuzizira. Funsani wogulitsa kuti hita ya galimoto imene mukuifunayo ndi ya mtundu wanji, ndiponso ngati batire lake lili ndi chofunditsira, chifukwa pa zinthu ziwirizi magalimoto amasiyana kwambiri. Ngati mulibe soketi, gulani hybrid wamba, popeza yotchaja imene siitchajidwa imangonyamula batire lolemera limene mwalipira ndalama zambiri.

Kaya musankha iti, ulendo wa makilomita 12 m'chisanu uli ndi vuto lake pa oyilo. Injini imene imalira pang'ono n'kuzima isanatenthe bwino imasiya chinyezi ndi timadontho ta petulo mu oyilo, ndipo nthawi zina mudzaona zoyera ngati thovu pansi pa chivundikiro chake. Tsatirani ndondomeko ya sevisi imene buku la galimoto limapereka kwa oyenda maulendo aafupi m'nyengo yozizira, imene imafupikitsa nthawi yosinthira oyilo, ndipo kamodzi pa mlungu kapena iwiri yendani ulendo wautali pamsewu waukulu kuti injini itenthe mokwanira. Pa sevisi yomweyo ayeze madzi oziziritsa, amene m'magalimoto ambiri a hybrid ali m'magawo awiri, la injini ndi la inverter. Akasakanizidwa theka ndi theka ndi mankhwala oletsa kuundana amapirira mpaka pafupifupi madigiri 37 pansi pa ziro.

Za matayala onse anayi, m'magalimoto ambiri a hybrid akumbuyo amakokedwa ndi mota yawoyawo ya magetsi. Mu Prius ya 2019 motayo ndi yaing'ono, ndipo imathandiza ponyamuka komanso pakafunika mpaka liwiro la makilomita pafupifupi 70 pa ola. Thandizo lake ndi lenileni ponyamuka pamalo oterera ndi pokwera chitunda, koma poima ndi pokhota siiwonjezera kanthu, popeza pamenepo chimene chikugwira msewu ndi rabala. Ngati mumayenda m'misewu ya mumzinda imene imakokoledwa chipale m'mawa uliwonse, yokoka ndi matayala akutsogolo yovala matayala a chisanu ikukwanirani. Ngati mumapita kumapiri kapena m'misewu imene imachedwa kukokoledwa, yang'anani kutalika kwa mimba ya galimoto kuchokera pansi, chifukwa Prius ya 2019 ili pafupifupi masentimita 13 okha, ndipo chipale chikapitirira pamenepo galimoto imakhalira pamimba matayala n'kumangozungulira. Zikatero mufunika hybrid yaitali miyendo, ndipo ndalama ya matayala anayi a chisanu muiwerengere limodzi ndi mtengo wa galimotoyo musanasaine.